Mankhwala a Khansa Saphikidwa mu Mphika

Pa makomo ambiri mu Kafue pamamera kaduwa koyera kapena kofiirira kochedwa periwinkle, kamene kwao ndi ku Madagascar. M'caka ca 1958 akatswiri a ku Canada anapeza m'masamba ake mankhwala olimbana ndi khansa. Kucokera m'duwa lomwelo kunapangidwa vinorelbine, mankhwala amene dziko la France linawaloleza m'caka ca 1989 pa khansa ya m'mapapo.

Khansa imakula pamene maselo, tizigawo tating'ono tomanga thupi, acurukana kosalekeza. Mankhwalawa amaononga tiulusi ta m'kati mwa selo timene timalithandiza kugawika pawiri, motero cotupa cimacedwa kukula.

Nkhaniyi ndi yokondweretsa, koma ikamveka molakwika ingathe kupha munthu. Mankhwala a m'masambawa ndi ocepa zedi, kotero kuti galamu imodzi imafuna masamba ouma makilogalamu mazana angapo. Dokotala amawapereka mwa muyeso, pakuti amapwetekanso maselo opanga magazi. Wophika masamba mu mphika amangomwa ululu wosadziwika muyeso wake, uku cotupa cikukulabe. Ndipo wogulitsa masambawo ponena kuti amaciza khansa akudya ndalama za wodwala.

Munthu wotsokomola kopitirira masabata awiri, wolavula magazi kapena woonda, makamaka wosuta fodya, apite kucipatala ca Kafue akapimidwe, cifukwa cifuwa ca TB ndi khansa zimafanana poyamba. Khansa ikapezeka, cipatala ca Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007, ciri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 okha.