Injini Ikatentha, Tiyambe Taona Kuti Yatentha Nthawi Yanji

Ambirife tikangokhazikika kuno ku Indiana, galimoto imene thumba limalola imakhala yakale ndithu: Ford F-150, Chevrolet Silverado kapena Toyota Tacoma yoti inadya msewu kalekale. Pikapu yomweyo ndiyo imatifikitsa ku ntchito, kusamutsa abale ndi kunyamula katundu wopita mu kontena. Ikafa, ntchito imagwedezeka ndipo yotumiza kumudzi imachepa. Nthenda imodzi imene imapha injini zoterezi ndi kutentha mopyola muyezo.

Tinachoka kwathu ndi zizolowezi ziwiri zimene kuno zimatipweteka. Choyamba ndi kuthira madzi a pampopi mu rediyeta. Madzi okhaokha amaundana pa 32°F, chonsecho ku Indianapolis kunazizira mpaka -27°F pa 19 January 1994. Akaundana amatseka rediyeta, injini n'kumawira mkati mwa chisanu, mwinanso kung'ambika kumene. Tizisakaniza antifreeze ndi madzi theka ndi theka, pakuti zikatero saundana mpaka -34°F. Magalimoto a GM kuyambira 1996 amafuna wa mtundu wa olenji wotchedwa Dex-Cool, ndipo tisamuphatikize ndi wobiriwira. Chachiwiri ndi kuchotsa thermostat monga amachitira amakanika ena kwathu. Ku South Bend, kumene chipale chofewa chimabwera ndi mphepo ya ku Lake Michigan, injini yopanda thermostat sifunda, hita sitentha, ndipo mafuta amangotha.

Tsono kamuvi kakayamba kukwera, tisathamangire kugula zipangizo. Nthawi imene kakwera ndiyo imaulula pamene pali vuto.

Kakakwera tili pa mzere wa magalimoto mu Indianapolis, n'kutsika tikalowa msewu waukulu, tikayikire fani. Galimoto ikamathamanga mphepo imadziziziritsa yokha rediyeta, koma ikaima ntchito yonse imatsalira fani.

Kakakwera tikuthamanga mu US 31, mwina tadutsa Plymouth kapena tikuyandikira Kokomo pa ulendo wa mamailosi pafupifupi 140 uja, ndiye kuti madzi sakuzungulira mokwanira. Kawirikawiri rediyeta imakhala yatsekeka ndi dzimbiri, kapena yadyeka ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi yachisanu. Nthawi zina pampu ya madzi ndiyo yatopa, kapena paipi ya pansi ikufwamphira.

Kakakwera patangopita mphindi zochepa chilizireni injini, paipi ya pamwamba ili yozizira, thermostat yakana kutseguka. Imayenera kutseguka pa 195°F kapena chapafupi pamenepo, ndipo n'kachipangizo kotsika mtengo.

Hita ikamatulutsa mphepo yozizira kamuvi kali pamwamba, madzi achepa ndipo penapake pakudontha. Masitolo monga AutoZone ndi O'Reilly amabwereketsa chopimira podontha tikasiya chikole, chimene amabweza tikabweza chidacho.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: utsi woyera wonunkhira ngati shuga, oyilo wooneka ngati tiyi wa mkaka, ndi thovu lotumphuka mu rediyeta. Pamenepo gasiketi yapsa, ndipo kukonza kwake kungathe kuposa mtengo wa pikapu yeniyeniyo. Nthawi zambiri gasiketi imapsa chifukwa mwini galimoto anati, "Ndingofika kaye ku ntchito."

Choncho kamuvi kakafika pofiira, tizime chozizitsira mpweya, tiyatse hita mwamphamvu kuti ichotseko kutentha, tipatuke ndi kuzimitsa injini. Chivundikiro cha rediyeta tisachigwire. Mkatimo madzi amakhala opanikizika ndipo amatentha kuposa owira pamoto. Akathovoka amasupula nkhope ndi manja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: tidikire theka la ola kapena kuposerapo.

Chisanu chisanafike, tipeze Loweruka limodzi tiyang'ane madzi, mapaipi ndi lamba. Ndipo m'bale amene wangofika kumene akagula pikapu yake yoyamba, timuuze zimenezi asananyamule chigubu cha madzi a pampopi.