Woyesa kudzipha apite kuchipatala, osati kundende

Akonzi,

Munthu wina amene anakulemberani kalata akuti munthu woyesa kudzipha ndi wamantha ndipo azimangidwa kuti ena atengerepo phunziro. Pamenepa alakwitsa.

Lamulo akulifunalo lilipo kale: ndime 229 ya Penal Code imati kuyesa kudzipha ndi mlandu. Ntchito yake yakhala kutseka anthu pakamwa. Banja limabisa m'bale wawo m'nyumba poopa apolisi, m'malo mothamangira naye kuchipatala. Dziko la Ghana linachotsa lamulo lotere mu 2023.

Wolemba kalatayo akutinso wonena kuti watopa ndi moyo amangoopseza. Kwathu kuno mnyamata wina wa kabaza, katapila atamuthina, anayamba kugawa zovala zake, nsima osaikhudza, kumpira osaonekanso. Abale ankangoti alimbe mtima poti ndi mwamuna. Anamupulumutsa ndi azakhali ake, omwe anakhala naye pakhonde n'kumufunsa mosapsatira ngati akuganiza zodzipha, kenako n'kumuperekeza kuchipatala. Funso lotere silimupatsa munthu maganizo oipa, limamumasula kulankhula.

Thandizo lilipo ku Saint John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, komanso ku Zomba Mental Hospital. Aphungu athu, chotsani ndime 229.

Wowerenga,
Dedza