Kanema Ndi Bwalo Latsopano

Ena amati wailesi ya kanema imalekanitsa anthu. Ife tikukana. Dziko la Malaŵi lidalibe kanema wakewake mpaka pa 1 April 1999, pamene Television Malawi idatsegulidwa. Kwa Malengachanzi, ku Nkhotakota, nyumba zambiri zilibe magetsi, motero asodzi ndi alimi a mpunga amasonkhana m'malo oonetsera vidiyo. Usiku wa pa 25 January 2022, Gabadinho Mhango atagoletsa chigoli chija polimbana ndi Morocco, mfuwu wake sudali wa munthu mmodzi.

Komatu bwalo lopanda akulu limaononga ana. Mwana wa sukulu akapezeka pa vidiyo pakati pa usiku, mlandu ngwathu tonse, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Atsogoleri ndi aphunzitsi, khalani pakati pa oonerawo. Tionere pamodzi, koma ana akagone msanga.