Gitala ya Paul Ngozi ndi cuma cimene tinataya

Makolo ambiri kuno ku Mfuwe amadandaula za nyimbo zaphokoso zimene ana amaliza pa foni. Koma inu a zaka makumi asanu ndi limodzi kapena kupitirira, kodi mwaiwala kuti nanunso munavina phokoso lanu?

Nyimbo za heavy metal zinaphuka ku Birmingham ku England, kumene gulu la Black Sabbath linayamba mu 1968. Kulira kwa magitala ao kunali kolemera ngati makina a m'fakitale. Kulira kumeneko, pamodzi ndi kaimbidwe ka Jimi Hendrix, kunafika m'makutu a anyamata a ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Iwo anakusakaniza ndi ng'oma zathu, ndipo panabadwa Zamrock.

Mwa magulu onse, la Ngozi Family ndilo linali laukali koposa. Mtsogoleri wake, Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949, anachuka ndi dzina loti Paul Ngozi, ndipo nthawi zina ankaliza gitala ndi mano. Ng'oma ankaimba Chrissy Zebby Tembo. Mu 1976 anatulutsa cimbale ca Day of Judgement, ndipo mu 1977 ca 45,000 Volts. Ankaimba m'Cingelezi ndi m'Cinyanja za moyo wa m'makomboni. Cinawathandiza ndi lamulo la Pulezidenti Kenneth Kaunda loti wailesi iziika patsogolo nyimbo za m'dziko muno.

Mtengo wa kopa utagwa, anthu analeka kugula zimbale. Disiko ndi kalindula zinalanda malo ovinira, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a mbadwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989.

Akuluakulu anati citsime cimadziwika kuya cikaphwa. Zimbale zimene ife tinasiya kuti zidyedwe ndi fumbi, kampani ya Now-Again ya ku America inazifunafuna ndi kuzisindikizanso. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga gawo la nyimbo ya Ngozi Family yochedwa Nizakupanga Ngozi naliika m'nyimbo yake ya Noid. Motero mau a Cinyanja anamveka kwa anthu mamiliyoni amene sadziwa kumene kuli mtsinje wa Luangwa. Mwini wake sanaone ulemu umenewo.

Nanga ife a m'cigwa muno? Nyimbo za Akunda zimamveka pa mwambo wa Malaila kwa Mfumu Nsefu, koma agogo amene amazidziwa bwino, pamodzi ndi matanthauzo ake, akutha mmodzimmodzi. Foni imene mumakalipira mwana wanu ingathe kuzijambula lero lino. Mutumeni kwa agogo ake madzulo ano, akhale nao pansi, afunse, ajambule, ndipo alembe dzina la woimba ndi mudzi wake. Tisadikire kuti mlendo wodzaona njovu ndiye adzatiuze kuti nyimbo zathu zinali zokoma.