Kalumo ka mlendo, mtolo wa mayi

Nkhondo itabuka ku South Sudan mu Disembala 2013, anthu oposa 100,000 adathawira mumpanda wa asilikali a United Nations ku Bentiu. M'katimo munali chitetezo ndi mapira olandira, koma nkhuni munalibe. Mapira aawisi sadyeka. Choncho amayi ankalawirira kutchire kukatola nkhuni, komwe amuna amfuti ankawabisalira n'kuwagwirira. Abambo sakadayerekeza kutuluka, poti iwo akapezeka kunali kuphedwa basi. Mayi ankanyamuka akudziwa zimene zili kutsogolo, koma ana adye chiyani?

Bungwe la Nonviolent Peaceforce lidachita chinthu chooneka ngati chibwana. Antchito ake, ena ochokera kumaiko akutali, adayamba kuperekeza amayiwo. Mfuti analibe, ngakhale chibonga. Ankangovala malaya a bungwe lawo n'kumayenda pambali pa mayi wosenza mtolo. Wachiwembu akaona maso a mlendo amabweza phazi, podziwa kuti zimene achite zikamveka kutali. Mu Epulo 2014 zigawenga zitathyola msasa wina wa United Nations ku Bor, antchito awiri a bungweli adakana kuchoka pakhomo pa kanyumba momwe mudabisala amayi ndi ana 14. Onse adapulumuka.

Njirayi si yatsopano. Anthu odzipereka a Peace Brigades International adafika ku Guatemala mu 1983, ndipo kenako ankagona m'nyumba za amayi amene ankafunsa boma komwe kudapita amuna ndi ana awo osowetsedwa. Wonena kuti alendo oterewa amangopita kokajambulitsa zithunzi akafunse amayi amenewo. Akuluakulu sadaname, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumoko kamathwa chifukwa chiyani? Apa mpamene mtima wanga umawawa. Msilikali saopa nzeru za mlendo, amaopa pasipoti yake. Ndiye kuti moyo wa mnyamata wa ku Canada uli ndi mtengo woposa wa mayi wa ku South Sudan amene akumuperekezayo, ndipo ntchito yonse yatsamira pa tsankho lomwelo. Nacho chishango cha pasipoticho chimabooka. Mu Julayi 2016 asilikali adalowa pamalo ogona alendo a Terrain ku Juba, adagwirira amayi akunja ogwira ntchito zachifundo n'kupha mtolankhani John Gatluak. Dziko lonse lidafuula, ndipo mu 2018 khoti lidapeza asilikali 10 olakwa. M'masiku omwewo amayi ambirimbiri a mumzindawo adagwiriridwa pafupi ndi msasa wa United Nations, koma kulira kwawo sikudamveke chimodzimodzi.

Nthawi zina chilombo chimakhala yemwe wabwera kudzathandizayo. Kafukufuku wa mu 2021 adaloza chala anthu 83 amene ankalimbana ndi Ebola kum'mawa kwa Congo kuti ankagona ndi amayi powalonjeza ntchito kapena mowakakamiza. Ena mwa iwo anali akunja.

Palinso za nthawi. Mlendo ndi mame. Wa milungu itatu, wosadziwa ngakhale moni wa chilankhulo cha eni dera, angayanjanitse bwanji mabanja amene akhala akulandana ng'ombe kuyambira nthawi ya agogo awo? Mayi womenyedwa ndi mwamuna saulula kwa munthu amene mawa akwera ndege. N'chifukwa chake Peace Brigades imafuna munthu wokhala chaka chathunthu, wodziwa chilankhulo, ndipo imapita kokha kumene eni ake aiitana.

Ku Liberia mu 2003, amene adagwedeza nkhondo ndi amayi a m'dzikomo. Akhristu ndi Asilamu, atavala zoyera, ankakhala padzuwa pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia. Zokambirana zamtendere zitayamba kuzengereza ku Accra, mtsogoleri wa amayiwo Leymah Gbowee ndi anzake adakhala pansi n'kutseka zitseko kuti atsogoleri a mbali zomenyanazo asatuluke asadagwirizane. Ku South Sudan nako, ntchito imene yazika mizu ndi magulu a amayi eni dera amene Nonviolent Peaceforce idawaphunzitsa, omwe amatsala alendo akapakira zikwama.

Ndiye wachinyamata wofuna kupita kukagwira ntchito yotereyi kunja, ndingamuletse? Ayi. Koma ayambe wafunsa: wandiitana ndani, ndikakhala nthawi yaitali bwanji, nanga ndikakalakwira mayi wa kumeneko adzakandinenera kwa yani? Bungwe likachita chibwibwi pa funso lachitatulo, asagule tikiti.