Dzina la munthu lisamapunduke pa makina osindikizira

Kukolola kukatha, ndalama za fodya ndi soya zikayamba kulowa m'matumba, malo osindikizira a m'matauni monga Mponela, Balaka, Luchenza ndi Jenda amadzaza. Uyu akufuna makadi a ukwati, uyo masatifiketi a ana omaliza sukulu ya mkaka, winayo ziphaso za mamembala a kwaya kapena banki m'khonde. Pa ntchito zonsezi chojambula chimakhala chimodzi, koma mayina amakhala ambirimbiri.

Kale munthu ankasiya danga pa khadi n'kulemba mayina ndi bolopeni usiku wonse. Masiku ano anyamata ndi atsikana a m'malo osindikizira ali ndi njira yachidule. Amajambula khadi limodzi, amaika mayina onse pa mndandanda wa mu Excel, kenako amauza kompyuta kuti izitola dzina limodzilimodzi n'kumalilowetsa pa khadi lakelake. Mu Microsoft Word njirayi imatchedwa Mail Merge, mu CorelDRAW amati Print Merge, pomwe mu Adobe InDesign ndi Data Merge. Makadi 300 amatha munthu asanamalize kumwa tiyi.

Njirayi ndi yabwino ndipo sindikuti tiisiye. Chomwe ndikukana ndi chizolowezi chomwe chikumera mizu, choti dzina likatuluka lopunduka wosindikiza amangoti “ndi kompyuta”, mwini ntchito n'kulandira katundu wake mokhumudwa. Kompyuta imasindikiza chomwe yapatsidwa. Zolakwika zambiri za njirayi n'zodziwika, zili ndi mankhwala ake, ndipo zingagwidwe inki isanakhudze pepala.

Tiyambe ndi mayina athu eniake. Dzina monga Ng'ambi kapena Ng'oma lili ndi kachizindikiro pakati, ndipo ena amalemba Mwaŵi ndi kachipewa pamwamba pa w. Mndandanda ukamachoka mu Excel kupita ku pulogalamu yojambulira, nthawi zambiri umasungidwa ngati fayilo ya CSV. Fayiloyo ikasungidwa m'njira ina, pulogalamu n'kuiwerenga m'njira inanso, zilembo zapaderazi zimasokonekera. Ndi pomwe Ng'ambi amatuluka ngati Ngâ€™ambi, ndipo ŵ amasanduka Åµ kapena chizindikiro cha funso. Mankhwala ake n'kusunga mndandandawo ngati Unicode Text kapena CSV UTF-8, malinga ndi chomwe pulogalamuyo imalandira, n'kuona ngati mayina atuluka bwino. Pakaoneka kabokosi m'malo mwa ŵ, ndiye kuti mtundu wa zilembo womwe wasankhidwa ulibe chilembocho, ndipo pafunika kusankha wina.

Vuto lachiwiri ndi la ziro. Nambala za foni za m'manja kuno kwathu zimayamba ndi ziro, monga 088 ndi 099. Excel ikaona nambala imaganiza kuti ndi ya masamu, ndiye imataya ziro wakutsogoloyo. Khadi la ukwati limatuluka ndi nambala ya ankhoswe kapena ya msungichuma yopanda mutu, anthu n'kumalephera kutumiza pelekanipelekani wawo. Wolemba mndandanda ayenera kusintha mzere wa manambalawo kukhala Text asanayambe kulemba. Adziwenso kuti akatsegula fayilo ya CSV ija mu Excel n'kuisunganso, ziro uja amathawanso.

Madeti nawo amavuta. Ife tikalemba 04/05 timatanthauza 4 May, koma kompyuta yomwe idatcheredwa m'kalembedwe ka ku America imawerenga April 5. Pa satifiketi ya ubatizo kapena chiphaso chokhala ndi tsiku lobadwa, kusinthana kumeneku si nkhani yaing'ono. Ndi bwino kulemba mwezi m'mawu, mu mzere womwe wasinthidwa kale kukhala Text.

Palinso mayina aatali. Wojambula amayesera khadi lake ndi dzina lalifupi monga Banda, danga n'kuoneka lokwanira. Likafika dzina la mwana wokhala ndi mayina atatu, mawu omalizira amadukira kunja kwa bokosi osaoneka. InDesign imatha kupereka lipoti la masamba omwe mawu sadakwane, koma lipotilo limathandiza yekhayo amene waliwerenga. Wosindikiza wanzeru amafufuza dzina lalitali kuposa onse pa mndandanda n'kuyesera limenelo poyamba.

Choopsa kwambiri ndi kusanja mayina motsatira alifabeti. Munthu akasankha mzere wa mayina wokha n'kuusanja, mizere ina imakhala pomwe idali. Zotsatira zake, malikisi, chithunzi kapena kalasi ya mwana wina zimapita kwa mnzake. Excel imachenjeza ndithu, imafunsa ngati isanje mizere yonse pamodzi, koma wothamanga amangodina osawerenga. Cholakwika ichi n'choipitsitsa chifukwa pepala limaoneka labwinobwino. Palibe chilembo chachilendo, palibe kabokosi, koma satifiketi ikunena bodza.

Tsono mlandu ndi wa yani? Ndikuona kuti wagawikana pawiri, ngakhale mtolo waukulu uli pa wosindikiza. Iyeyu ndiye adaphunzira ntchito ndipo akulandira ndalama. Udindo wake n'kuona makadi onse pa kompyuta asanasindikize, kutulutsa masamba angapo oyesera pa pepala wamba, ndi kupatsa mwini ntchito kuti awerenge. Mmisiri wosoka sadula nsalu asanayese kawiri. Palibe chifukwa choti wosindikiza azichita mosiyana, pomwe pepala lolimba la makadi ndi inki yamitundu zili zodula chonchi.

Koma nafenso eni ntchito timadzikola tokha. Timabweretsa mayina olembedwa pamanja pa pepala la kope, ena pa zithunzi za pa WhatsApp zosaoneka bwino, ena tikutchula pa foni tili pa kabaza. Timafika Lachinayi madzulo, ukwati uli Loweruka. Wosindikiza sangadziwe ngati mlamu wanu amalemba Chimwemwe kapena Chimwemwie, Lungu kapena Longwe. Odziwa mayinawo ndi inu. Mndandanda uzibwera wotayipa, dzina lililonse pa mzere wake, popanda mizere yopanda kanthu pakati, chifukwa mzere wotero umatha kubala khadi lopanda dzina lomwe mulilipira ndithu.

Ena anena kuti zonsezi n'zotaya nthawi. Magetsi amazima nthawi iliyonse, makasitomala ali pa mzere, ndipo phindu la pa khadi limodzi n'lochepa. Ndi zoona, ndipo sindikupeputsa mavuto a anthu ochita bizinesi zing'onozing'ono. Koma kuwerenga mayina 200 anthu awiri, wina akutchula wina akuyang'ana, sikungathe tsiku. Kusindikizanso makadi 200 kumadya pepala, inki, nthawi ndi mbiri ya bizinesi. M'tauni yaing'ono nkhani ya khadi lolakwika imafika ku msika wosindikiza asanatseke chitseko. Akuluakulu adati fulumira adadya gaga.

Kumbukiraninso kuti masiku ano dzina limayenda ndi munthu kulikonse. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, mabanki, makampani a foni ndi olemba ntchito amafuna kuti dzina la pa pepala lililonse lifanane ndi la pa chiphaso. Mtsikana amene waphunzira zosoka kapena za kompyuta kwa miyezi isanu ndi umodzi, satifiketi yake ikalakwika chilembo chimodzi, adzayenera kumafotokoza nthawi iliyonse akafuna ntchito kuti mwini pepalalo ndi iyeyo. Ndipo pomwe adzazindikire, mwina sukulu yomwe idamupatsa idzakhala itatsekedwa.

Ndikupempha kuti pakhale mgwirizano wosavuta m'malo onse osindikizira. Wosindikiza apereke tsamba la mayina onse monga momwe atulukire pa makadi. Mwini ntchito awerenge ndi kusayina. Cholakwika chikapezeka pa zomwe mudasayina, mulipira ndinu. Chikakhala kuti chatuluka mosiyana ndi zomwe mudasayina, wosindikiza abwereze ntchitoyo ulere. Potero sipakhala kukokanakokana pa kauntala, ndipo aliyense adziwa pomwe udindo wake ukuthera.

Ntchito ikatha, pemphaninso kuti mndandanda wanu ufufutidwe pa kompyuta ya pamalopo. Muli mayina a ana, manambala a foni ndi masiku obadwa, zinthu zomwe akathyali oba ndalama kudzera pa foni amazisaka. Dziko lino lidakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi zotere mu 2024, ndipo ngakhale popanda lamulo, n'chinthu chaulemu kusasiya mayina a abale pa makina omwe aliyense amagwira.

Kwa makomiti a maukwati, aphunzitsi aakulu ndi alembi a mipingo, sankhani munthu mmodzi wodekha amene amadziwa anthu anu, mumupatse tsiku lathunthu loti awerenge mayina makadi asanasindikizidwe. Gogo amene wayenda kuchoka ku mudzi kudzaona mdzukulu akulandira satifiketi sangamve zoti vuto lidali CSV. Iye akufuna kumva dzina la banja lake likutchulidwa bwino, ndi kuliona litalembedwa momwe liyenera kukhalira.