PAKHONDE LA APHUNZITSI: Lipenga la M'bokosi



M'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, mwana wa mlongo wanga anali kukhala ku Chilobwe. Masiku atatu athunthu sitinamve kanthu za iye. Magetsi anali atazima, lamya za m'manja zinatha moto, ndipo amai ake anali kungokhala pakhomo, maso kumseu. Iye anapulumuka, koma anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Chaka cha 2022 namondwe Ana anali ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo mdima unagwira dziko lonse. Kodi tidzadikira namondwe wina tisanaphunzirepo kanthu?

Lamya ya m'manja imadalira nsanja, ndipo nsanjayo imadalira magetsi. Koma ilipo wailesi ya mtundu wina, imene munthu amalankhulirapo ndi kumverapo mnzake mwachindunji popanda nsanja pakati. Anthu oikonda ali m'maiko ambiri, ndipo bungwe lao la IARU linakhazikitsidwa ku Paris mu 1925. Pamene namondwe Maria anasakaza chilumba cha Puerto Rico mu 2017, anthu otere ndiwo anathandiza kutumiza mauthenga lamya zitafa. Aliyense wa iwo ali ndi dzina lake la pa wailesi, ndipo maina a kuno ku Malawi amayamba ndi 7Q.

Tsono m'bokosi la wailesi yonyamula muyenera kukhala chiyani? Choyamba ndi wailesi yeniyeniyo, yotha kugwira mafunde a 7 MHz. Chachiwiri ndi batire ya mavoti 12, yokhala ndi fyuzi pafupi nayo, pamodzi ndi sola yoidyetsa moto. Chachitatu ndi mawaya awiri, aliyense wotalika pafupifupi mamita 10, olumikizidwa pakati ku chingwe chopita ku wailesi. Onjezanipo tochi, pensulo ndi kope, ndipo zonsezi zisungidwe m'chotengera chotseka bwino kuti chinyezi chisalowe.

Anzanu ena adzati mapiri a kuno ku Mwanza adzatchinga mau. Zoonadi, tiwailesi tating'ono ta m'manja timalephera kuseri kwa phiri. Koma mukamanga waya uja mmunsi, mamita 3 kapena 5 kuchokera pansi, pakati pa mitengo iwiri kapena nsungwi, mafunde amakwera kumwamba, nakagunda chigawo cha mlengalenga chotchedwa ionosphere, nabwerera pansi monga imachitira mvula. Motero uthenga wochokera m'chigwa chathu ukhoza kumveka ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Achinyamata inu, musathamangire kugula musanamve machenjezo atatu. Munthu saloledwa kuulutsa mau popanda chiphaso cha bungwe la MACRA, chotero yambani mwafunsa kumeneko. Mukamva bingu, chotsani chingwe ku wailesi msanga, pakuti mphezi siisankha Mkhristu. Ndiponso kulankhula kumadya batire kwambiri kuposa kumvetsera. Chifukwa chake lembani uthenga wanu m'kope musanatsegule pakamwa: muli kuti, ovulala ndi angati, mukusowa chiyani, ndi mlatho uti umene waduka. Ana anga a m'kalasi amadziwa kuti yankho lalifupi ndi lomveka limaposa lalitali losokonekera.

Sindibisa, wailesi yotere ndi yokwera mtengo, ndipo banja limodzi silingaikwanitse. Koma mipingo inai kapena isanu yoyandikana, itasonkha pa nyengo yogulitsa manachesi, ikhoza kuyamba ndi bokosi limodzi. Chofunika koposa ndicho anthu oiphunzira, anyamata ndi asungwana omwe, ndi kupangana ndi anzao a kutali za ora lomvetserana sabata iliyonse. Wailesi yongogona m'kabati ya abusa idzatichititsa manyazi tsiku la tsoka, batire itafa ndipo woidziwa atasamuka.

M'buku la Nehemiya, mutu 4, timawerenga kuti omanga linga la Yerusalemu anali motalikirana, ndipo Nehemiya anasunga woomba lipenga pambali pake kuti pakagwa choopsa anthu adziwe kothamangira. Iye anali munthu wa pemphero, koma lipengalo sanalisiye. Midzi yathu nayonso ndi yotalikirana, ndipo mitsinje ikasefukira timasanduka zilumba.

Ndikupempha akulu a mpingo anzanga ndi amai a Mvano kuti nkhaniyi muikambe pa msonkhano wanu wotsatira, mvula isanayambe. Makolo, mukaona mwana wanu akumasula wailesi yakufa kuti aone zamkati, musafulumire kumkalipira. Mwina ndiye adzatiombera lipenga.

Ambuye akusungeni nonse kufikira mwezi wamawa.